Envelopu ya Khaki Imene Ndidabisa M'sutikesi

Tsiku limene ndidapita kukadinditsa makope a masatifiketi anga ku bwalo la milandu pa boma la Kasungu, ndidanyamuka kunyumba mbandakucha, ndipo mayi atandifunsa kumene ndimalowera ndidawayankha kuti ndikukagula mabuku a ana a sukulu. Lidali bodza, ndipo lidandilemera njira yonse. Pa khonde la khoti ndidapeza anthu ambiri, ena pa benchi ena pansi: amayi obereka ana atanyamula nsima m'makontena kudikira abale awo amene adali pa rimandi, ndi abambo achikulire atavala majekete awo a ku tchalitchi, zipewa zili m'manja. Ndidakhala pakati pawo envelopu ya khaki ili pamiyendo. Mayi wina amene adali pafupi nane adandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi achemwali, wanu ndi mlandu wanji?" Ndidawauza kuti ndilibe mlandu, ndangobwera kudzadinditsa mapepala, koma sindidathe kuwonjezera kuti mapepalawo adali opemphera malo oti ndikaphunzire zamalamulo. Ngakhale kwa munthu wachilendo, amene sindidzakumana nayenso, mawuwo adakana kutuluka.

Ndidapempha malo kuwiri. Mapepala odindidwa aja adapita ku University of Malawi ku Zomba, ndipo pempho lina ndidalitumiza pa intaneti ku yunivesite ya Oxford, ku England, kumene munthu amene ali kale ndi digiri angathe kumaliza maphunziro a zamalamulo m'zaka ziwiri. Ine ndili ndi digiri ya zauphunzitsi, ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi ndi mbiri yakale pa sukulu ina yoyendera ya sekondale kuno kwathu. Pamene ndikulemba pano tili mu Novembala, mitambo yayamba kusonkhana cha kumadzulo, anthu atha kugalauza minda, ndipo ine ndakhala milungu ingapo ndikudzuka usiku kuyang'ana foni. Kwa nthawi yaitali makope otsala adakhala pansi pa zitenje m'sutikesi, ndipo padalibe wachibale ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndimaopa kwenikweni, popeza kalata yokana munthu siluma, ndiponso ntchito yanga ndikhala nayobe. Ndikuona kuti mantha amenewa ndi akale kuposa pempho langali, ndipo adabadwira pa khoma la ofesi ya ahedi pamene ankamata mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale. Ife tidakula ndi mawu amodzi olemera kwambiri, akuti kusankhidwa. Mu Sitandade 8 sikokwanira kukhoza mayeso, uyenera kusankhidwa. Mu Fomu 4 sikokwanira kupeza satifiketi ya MSCE, amawerenga mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa, ndipo pa anthu ochuluka okhoza amangotapapo ochepa oti apite ku mayunivesite a boma. Makolo athu amakumbukira nthawi imene mayina a opita ku yunivesite ankawerengedwa pa wailesi mudzi wonse uli tcheru. Lero mndandanda umayenda pa WhatsApp, koma mtima wake ndi womwewo: amene wasankhidwa amadziwika ndi aliyense, ndipo amene watsala amadziwikanso ndi aliyense.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, ndiwo adandiphunzitsa masamu ogawa polemba ndi kamtengo pa dothi. Adakhoza mayeso a Sitandade 8 koma sadasankhidwe, adabwereza, adakhozanso, ndipo dzina lawo silidaonekenso pa khoma lija. Ndimakumbukira mmene adabwerera tsiku limenelo, osalowa m'nyumba, n'kupita kukakhala kuseri kwa chigafa mpaka mdima. Palibe amene adawanyoza. Anthu adangosintha kayankhulidwe, n'kuyamba kunena kuti mnyamatayu sukulu siyidamuyanje, ndipo patapita nthawi iwonso adayamba kunena chimodzimodzi za iwo eni. Lero amapalasa kabaza pa boma, amalera ana awo bwino, koma akagwira kope la mwana wawo ndimaona kuti dzanja lawo likudziwabe zimene likuchita. Ine ndidasankhidwa ulendo uliwonse, ndipo pang'onopang'ono ndidasanduka mwana amene amasankhidwa, moti sindidziwa kuti ndingakhale ndani pamaso pa anthu, ngakhale pamaso panga, tsiku limene mndandanda udzatuluke popanda dzina langa.

Ophunzira anga ndimawauza kawirikawiri kuti mndandanda umayeza kuchuluka kwa madesiki ndi mabedi a ku sukulu, suyeza nzeru za munthu. Ndimakhulupirira zimenezo ndikamaziyankhula kwa iwo, ndipo ndi zoona. Koma ndikatsala ndekha ndi foni yanga usiku, chiphunzitso changacho sichinditonthoza.

Chifukwa chimene ndikufunira maphunziro amenewa ndi buku lina lachikuto cholimba limene ndidaliona ndili ndi zaka 11. Makolo anga adali matenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale kuno ku Kasungu. Amene sadakhalepo pa esiteti mwina sadziwa mmene ntchitoyo inkayendera. Mwini munda ankapereka malo, mbewu, feteleza, makasu, mapulasitiki ofolera chigafa ndi phoso la chimanga, nyemba ndi mchere, ndipo zonsezo zinkalembedwa ngati ngongole. Banja lonse linkagwira ntchito kuyambira ku nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa, mpaka kusankha ndi kumanga. Pamapeto pake mwini munda yemweyo ndiye ankayika giredi ndi mtengo wa fodya wa tenanti, n'kuchotsera ngongole ija, kenaka mabelo n'kumapita ku okushoni ku Chinkhoma, kumene tenanti sankaloledwa kudziwa kuti agulidwa motani.

Chaka chimenecho bambo adanditenga pa tsiku la malipiro chifukwa ndidali nditayamba kuwerenga bwino. Tidaima pa mzere kunja kwa kaofesi kofolera malata, fungo la fodya wouma lili ponseponse, ndipo itakwana nthawi yathu kalaliki adatsegula bukulo n'kuyamba kuwerenga mothamanga. Ine ndidasuzumira pa tsambalo ndipo ndidaona kuti matumba a feteleza adalembedwa asanu ndi limodzi, chikhalirecho tidalandira anayi, amene ndidathandiza kukoka ndekha kulowetsa m'nyumba. Nambala yoyamba idali itakhwatchidwa ndipo ina idalembedwa pamwamba pake ndi cholembera cha mtundu wina. Ndidakoka malaya a bambo n'kuwanong'oneza. Iwo adandigwira pa mkono mwamphamvu, osandiyang'ana, kenaka adapereka chala chawo chachikulu, kalaliki n'kuchinyika mu inki n'kuchidinda pansi pa tsambalo. Ndalama zimene tidatuluka nazo, za ntchito ya miyezi pafupifupi khumi ya anthu asanu, zidakwana m'thumba la malaya popanda kulitupitsa.

Tili m'njira ndidalira chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndidawafunsa chifukwa chimene adandiletsera. Adayenda kanthawi osayankha, kenaka adati, "Mwanawe, kuwerenga wadziwa, ndipo sudalakwitse. Koma pamalo paja pamafunika munthu amene akayankhula amamveka." Mawu amenewo sindidawamvetse msanga. Ndidadzawamvetsa ndili wamkulu, nditadziwa kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo ndithu, kuyankhula m'malo mwa munthu pamalo pamene iye sangamveke, ndiponso kuti pepala limene munthu wadindapo chala osadziwa zolembedwamo lingathe kufunsidwa mafunso.

Pa 3 Febuluwale 2020 ndidali kumudzi, ndipo monga anthu ambiri m'dziko muno tidakhala tsiku lonse pa wailesi. Oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, adawerenga chigamulo chawo ku Lilongwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndipo adalamula kuti chisankhocho chichitikenso, chimene chidachitikadi pa 23 Juni chaka chomwecho. Pabwalo pathu padali anthu okonda zipani zosiyanasiyana, ena adakondwa ena adakhumudwa, ndipo za zipanizo sindikufuna kulowamo. Chimene chidandikhudza ine ndi funso la bambo. Atamva womasulira akufotokoza za manambala ofufutidwa ndi tipeksi pa mapepala a zotsatira, adatsitsa wailesi pang'ono n'kundifunsa kuti, "Ndiye kuti nambala yokhwatcha nayonso imazengedwa mlandu?" Ndidadziwa nthawi yomweyo tsamba limene ankaliganizira. Chaka chotsatira, mu 2021, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti, koma amene amayenda m'midzi ya kuno akudziwa kuti lamulo likalembedwa ku Lilongwe silifika lokha ku chigafa, pamafunika anthu olinyamula.

Khomo la ku Zomba ndi lopapatiza, ndipo lakhala choncho kuyambira kale. Maphunziro a zamalamulo m'dziko muno adayambira ku Mpemba, asadasamukire ku Zomba pamodzi ndi Chancellor College mu 1973, ndipo kwa zaka zambiri kumeneko ndiko kokha kumene Mmalawi akadapeza digiri imeneyi osatuluka m'dziko. Munthu salowako molunjika kuchokera mu Fomu 4 monga amachitira ndi maphunziro ena. Amayenera kuyamba waonetsa mphamvu zake pa maphunziro ena apamwamba, kenaka n'kupikisana pa mayeso olowera ndi anthu amene nawonso adazolowera kukhala oyamba m'kalasi mwawo. Uku ndiko kupikisana kumene kumandiopsa koposa, chifukwa m'chipinda cholembera mayesowo simukhala munthu wofooka, ndipo ambiri mwa amene adzatsale adzakhala anthu oti akadakhala maloya abwino.

Za ku Oxford ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa ena anganene kuti mapanga awiri avumbwitsa. Aliyense wobadwira ku Kasungu amadziwa Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene idatsegulidwa mu 1981, kumene ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki ndi kulemba mayeso a A-level amene mayunivesite a ku Britain amawadziwa bwino. M'masiku a Kamuzu ana okhoza koposa ochokera m'boma lililonse ankaphunzirako mwaulere, koma ine ndidakula nthawi imene kunkafunika fizi imene banja lathu silikadaiganizira n'komwe. Ndili mwana ndinkaona mpanda wake ndi nyumba zake za njerwa zofiira tikamadutsa, ndipo ndinkadziwa kuti ana a m'katimo ali pa njira yopita kutali. Ndilibe nawo chifukwa, ambiri a iwo ndi akhama zedi. Koma mwana wa tenanti amene ali mwa ine ankafuna kudziwa ngati njira imeneyo ingapondedwenso ndi munthu wochokera kunja kwa mpanda, ndipo ndidaona kuti ndikapanda kuyesa ndidzakalamba ndi funso limenelo.

Pempho la ku Oxford limadzera ku UCAS, bungwe limene limalandira mapempho a malo m'mayunivesite a ku Britain, ndipo tsiku lomaliza ndi 15 Okutobala. Pasadafike tsikulo munthu amayenera kulemba mayeso otchedwa LNAT, amene safunsa lamulo lililonse koma amayesa kawerengedwe ndi kaganizidwe: mafunso 42 osankha yankho pa mphindi 95, kenaka nkhani yolemba pa mphindi 40. Ndidakonzekera usiku, ndikatha kuchonga makope a ana, ndikuwerenga pa foni mpaka batire kapena bandulo itatha. Kulipira kokhako kudali nkhani, chifukwa ndalama yake ndi ya mapaundi, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 malipiro a mphunzitsi salimba akakumana ndi ndalama yakunja. Ndidakalembera mumzinda pa kompyuta, ndipo pobwerera pa msewu wa M1 ndinkangokumbukira mafunso amene ndidathamangira. Ndikudziwanso kuti ngakhale atanditenga, sindingapite popanda thandizo la fizi longa la Rhodes, limene Amalawi amapikisanira pamodzi ndi anzawo a ku South Africa, Botswana, Lesotho, Namibia ndi eSwatini. Ndi makomo awiri otsatizana, lililonse lopapatiza kuposa la ku Zomba.

Chimene chidandizunza kwambiri si mayeso ayi, koma kalata yodzifotokozera, imene siyenera kupitirira zilembo 4,000. Ndidailemba kasanu ndi kawiri. Ulendo woyamba ndidayikamo nkhani yonse ya buku lija, inki pa chala cha bambo, misozi yanga m'njira, ndipo itatha ndidaona kuti yakoma. Kukoma kwakeko ndiko kudandinyansa. Ndidamva ngati ndanyamula umphawi wa bambo anga n'kukauyala pa msika kuti azungu aupime ngati fodya, aupatse giredi. Bambo sadandiuze nkhani imeneyo kuti ndikagulire malo, ndiponso iwo si munthu womvetsa chisoni, ndi munthu amene adalera ana asanu ndi khasu ndipo adatuluka pa esiteti n'kudzipezera munda wake. Komanso ndidaopa chinthu china: ngati ndalemba zimenezi n'kukanidwa, ndiye kuti akana ine ndekha kapena akananso chala chija? Pamapeto pake ndidasiyamo ziganizo zitatu zokha za pa esiteti, zopanda misozi, ndipo malo otsalawo ndidalembamo funso limene limandivutadi, lakuti kuvomera kwa munthu kumatanthauza chiyani ngati sangawerenge chimene akuvomera ndipo alibe kwina kopita. Ngati andikana, akane maganizo anga, amenewo ndingathe kuwanola.

M'kalasi ndimaphunzitsa za a Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, ndi mayi Vera Chirwa, mayi woyamba wa Chimalawi kukhala loya. Adagwidwa mu Disembala 1981 cha kumalire a Zambia kufupi ndi Mchinji, adazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu limene silinkalola maloya kuyimira munthu, ndipo mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe, chilango chimene pambuyo pake chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton adamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993. Ndikafika pa phunziro limeneli ndimachita manyazi kuti ine ndikunjenjemera ndi mndandanda wa mayina. Koma manyaziwo sachotsa mantha, amangokhala nawo limodzi, ndipo ndaleka kudzinamiza kuti mbiri ya anthu olimba mtima imalimbitsa munthu yokha.

Kubisa kudali ndi mtengo wake. Ndidayamba kupewa kucheza ndi mayi madzulo, kuopa kuti angaone nkhope yanga. Atsibweni anga atabwera kudzakamba zoti ndiganizire zomanga kanyumba pa malo amene adandipatsa, ndidangovomera ndi mutu. Ndidadziuza kuti ndikuteteza makolo ku chisoni, kuti ndikakanidwa asadzadziwe n'komwe, ndipo ndikatengedwa adzasangalale kawiri. Koma tsiku lina, ndikuona achimwene akutsitsa thumba la feteleza pa njinga yawo, ndidazindikira kuti amene ndimamuteteza ndi mwana wosankhidwa uja. Iwo adalephera poyera kawiri akadali mwana, mudzi wonse ukuona, pamene ine, wamkulu wa digiri ndi malipiro, ndimafuna kuti ngati ndigwe ndigwere kuseri.

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndidapeza bambo pansi pa mtengo wa mango akusankha mbewu ya soya pa lichero. Ndidatulutsa envelopu ija, ndidagwada pambali pawo, n'kunena kuti, "Bambo, pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani." Adasiya lichero msanga, ndipo ndidaona pa nkhope pawo kuti akuganiza za matenda kapena za mimba. Nditafotokoza zonse, za Zomba, za Oxford, za mabuku a ana amene sindidagule, adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "NaPhiri, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ntchito ya uphunzitsi usaitaye usadagwire chinacho." Ndidawatsimikizira kuti sindiitaya. Adafunsa kuti amatenga anthu angati, ndipo ndidawauza kuti ochepa kwambiri, kuti mwina sadzanditenga konse kuwiri konseko, ndiponso kuti chimenecho ndicho chidanditseka pakamwa.

Adandiyang'ana ngati sadamve bwino. "Ndiye ukadakanidwa ukadalira ndi ndani?" adatero. Sindidayankhe, chifukwa pakhosi padali patatsekeka. Adayitana mayi kuchokera ku khitchini, n'kuwauza okha nkhani yonse mwa njira yawo, akulakwitsa dzina la Oxford, ndipo mayi adangogwira pakamwa n'kukhala pansi pa mkeka. Adatumanso mwana kuti akayitane achimwene, amene adabwera ndi njinga yawo, adawerenga makope onse limodzi ndi limodzi mosafulumira, n'kundifunsa ngati mayeso a ku Zomba ali ndi masamu, kuti andithandize.

Bambo adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lawo lakale limene achimwene amawalemberamo za munda. Adafuna kudziwa mtengo wa basi kuchokera pa Kasungu kukafika ku Lilongwe, kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Zomba, ndi wa malo ogona masiku awiri. Ndidawauza kuti mayina a oyitanidwa ku mayeso sadatuluke, ndiponso kuti ndili ndi malipiro anga, koma adapitiriza ngati sindidayankhule. Adauza achimwene kuti alembe kuti matumba awiri a mtedza amene ali m'chipinda asagulitsidwe mpaka Zomba atayankha, ndipo achimwene atalemba, bambo adandipatsa kopelo kuti ndiwerenge mokweza ngati nambala yalembedwa bwino.